Ngongole ya pa Chibale: M'mene Amwenye a ku Gujarat Anagulira Mahotela a ku America

M'chaka cha 2021 bungwe la Amwenye okhala ndi mahotela ku America, lotchedwa Asian American Hotel Owners Association, linalengeza zotsatira za kafukufuku amene linapempha akatswiri a Oxford Economics kuti achite. Chiwerengero chimene chinatuluka chinadabwitsa ndi eni dziko omwe, pakuti chinaonetsa kuti mwa mahotela 100 alionse a m'dziko limenelo, 60 anali m'manja mwa mamembala a bungwelo, ndipo onse pamodzi anaposa 34,000. Ambiri a eni akewo ndi anthu amene iwo eni, kapena makolo awo, anachokera ku chigawo chimodzi cha dziko la India, ndicho Gujarat, ndipo ochuluka mwa iwo dzina lawo ndi limodzi, ndilo Patel.

Oyamba a anthu amenewa anafika m'dziko lachilendo ali opanda chuma, ena osadziwa bwino ndi Chingerezi chomwe. Mabanki sanawadziwe, ndipo munthu wosadziwika, wopanda nyumba kapena munda wakupereka chikole, banki simkongoza. Nanga tsono ndalama zogulira nyumba zazikulu zotere anazitenga kuti? Ndalama zoyamba anazikongola kwa abale, kwa alamu, kwa apongozi ndi kwa anthu a mudzi umodzi. Mbiri yawo iyenera kumveka bwino kwa mphunzitsi kapena kalaliki aliyense amene akulingalira zopita kwa mlamu wake kukapempha ndalama zogulira puloti, pakuti ambiri amangomva kuti Amwenye amathandizana, nalekera pomwepo, osafunsa kuti ngongolezo zinabwezedwa bwanji, ndi kuti thukuta limene linazibweza linali la yani.

CHIYAMBI CHAKE KU CALIFORNIA

Munthu amene olemba mbiri amamtchula poyamba pa nkhaniyi ndi Kanji Manchhu Desai, wa ku dera la Surat. Iyeyu analowa m'dziko la America m'zaka za m'ma 1930 wopanda makalata omloleza kukhalamo, nakhala akugwira ganyu m'minda ya ku California pamodzi ndi Amwenye anzake owerengeka. Mu 1942, itabuka nkhondo pakati pa America ndi Japan, Boma la America linalamula kuti anthu a mtundu wa ku Japan okhala ku gombe la kumadzulo asonkhanitsidwe m'misasa yotchingidwa ndi waya. Anthu pafupifupi 120,000 anachotsedwa m'nyumba zawo, nasiya minda, masitolo ndi mahotela. Mwa iwo munali mwini hotela ina yaing'ono ya mu mzinda wa Sacramento, ndipo hotelayo inatsala m'manja mwa Desai ndi anzake awiri. Chotero mwayi woyamba wa anthu awa unachokera m'tsoka la anthu ena.

Mu 1947 Desai anasamukira ku San Francisco, natenga hotela yotchedwa Goldfield. Asaganize munthu kuti inali hotela ya alendo olemera. Mahotela a mtundu uwu anali nyumba zakale za m'dera la amphawi, ndipo zipinda zake ankazichita lendi pa mlungu kapena pa mwezi amuna okhala okha: amalinyero, antchito a pa doko ndi nkhalamba zopanda abale. Komanso Desai sanagule nyumbayo. Iye anapangana ndi mwini wake kuti aziyendetsa hotelayo ndi kumpatsa lendi mwezi ndi mwezi, ndipo chotsala pa zimene ogonamo analipira ndicho chinali chake. Chifukwa cha ichi mpamba woyambira unali wochepa, woti anthu awiri kapena atatu osauka akhoza kuusonkha.

Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1946, America anali atakhazikitsa lamulo lolola Amwenye 100 pa chaka kulowa m'dzikomo ndi kukhala nzika. Anyamata a m'midzi yozungulira Surat ndi Navsari anayamba kufika mmodzimmodzi, ndipo ambiri a iwo pofikira pawo panali pa Goldfield. Pamenepo anagona, nadya, naphunzira ntchito yake: kuyala mabedi, kukolopa, kukonza mipope yodontha, kutolera lendi kwa munthu woledzera popanda ndewu. Mahendra Doshi, amene anasonkhanitsa mbiri ya zaka zoyambazo m'buku lake lotchedwa Surat to San Francisco, akufotokoza kuti mnyamata akadziwa ntchito, Desai ankamthandiza kupeza hotela yakeyake, namkongoza ndalama zoyambira pongogwirana chanza, popanda kalata ndi popanda chikole.

Pano pali mfundo imene ambiri amaidumpha. Ndalamazo sizinali chinthu choyamba. Wokongoza anali ataona kale m'mene mnyamatayo amadzukira, m'mene amasungira ndalama za eni ake, ndi m'mene amapiririra ntchito yonyansa. Pofika tsiku logwirana chanza, mayeso anali atatha.

LAMULO, IDI AMIN NDI PETULO

Malonda awa akadakhala a mabanja owerengeka a ku San Francisco pakadapanda zinthu zitatu zimene zinachitika motsatana. Choyamba chinali lamulo limene Pulezidenti Lyndon Johnson anasaina mu 1965. Lamuloli linathetsa kusankha olowa m'dziko potsata maiko ochokera, ndipo linalola nzika ya America kuitana mkazi, ana, makolo, ngakhale abale ake a bere limodzi. Munthu ankaitana mng'ono wake, mng'onoyo n'kubwera ndi mkazi wake, ndipo patapita zaka mkaziyo nayenso n'kuitana alongo ake. Mwa njira iyi mabanja athunthu anaoloka nyanja, aliyense akupeza mbale womlandira.

Chachiwiri chinachitika mu Africa muno. Mu Ogasiti 1972 Idi Amin analamula Amwenye a ku Uganda kuti atuluke m'dzikomo pasanathe masiku 90. Pafupifupi 28,000 anapita ku Britain, ndipo ena, pamodzi ndi anzawo ochokera ku Kenya, Tanzania ndi Zambia, pambuyo pake anapitirira kunka ku America. Awa anali anthu odziwa kale malonda, ozolowera kugona kuseri kwa sitolo ndi kusunga mabuku a ndalama. M'zaka zomwezo malamulo a America ankalola mlendo woika madola 40,000 m'malonda kupempha chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale, kotero kuti kugula nyumba ya alendo kunampatsa munthu zinthu zitatu pamodzi: ntchito, pogona ndi makalata.

Chachitatu chinali kutsika mtengo kwa mamotelo. Motelo ndi nyumba ya alendo ya m'mbali mwa msewu, ya zipinda zondandalikana, kumene woyenda ulendo amaimika galimoto yake pakhomo pa chipinda, nagona usiku umodzi, m'mawa napitirira. Kuyambira 1956 Boma la America linayamba kumanga misewu yaikulu ya mamailosi 41,000, imene inalambalala matauni ang'onoang'ono, ndipo mamotelo a m'misewu yakale anayamba kusowa alendo. Mu 1973 maiko a Aluya anachepetsa mafuta ogulitsa ku America, petulo anasowa nakwera mtengo, ndipo anthu anachepetsa maulendo. Eni mamotelo ambiri anali atakalamba, ana awo sanafune ntchito yosagona tulo, ndipo anali okonzeka kugulitsa kwa aliyense wobwera ndi ndalama m'manja.

MASAMU AKE

Kuti njirayi imveke, nali fanizo, ndipo ziwerengero zake n'zongoyerekeza. Motelo ya zipinda 30 ikugulitsidwa madola 200,000. Mwini wake akufuna madola 40,000 m'manja, ndipo otsalawo, 160,000, walola kuti azilandira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi pamodzi ndi chiwongola dzanja, moteloyo ikhale chikole. Kugulitsa kotere kunali kofala, ndipo kunachititsa kuti wogula asafune banki konse. Wogulayo wasunga madola 10,000 pa ntchito ya ku fakitale. Otsala 30,000 akuwapempha kwa anthu 6, aliyense madola 5,000: mkulu wake, atsibweni ake, alamu ake awiri, mnzake wa ku sukulu, ndi munthu wina wa mudzi wakwawo.

Tsono munthu ameneyu ali ndi ngongole ziwiri zosiyana. Yaikulu ndi yolembedwa ndipo ili ndi chikole. Yaing'ono ndi ya pakamwa ndipo ilibe kanthu koigwirira. Malonda akakanika, mwini wakale amalanda nyumba yake, nasunga ndi madola 40,000 aja. Ndalama zoyamba kumira ndi za abale. Ichi ndicho chikhalidwe cha ngongole ya pa chibale kulikonse kumene ipezeka: mbale amaika ndalama zake pamalo pamene banki yakana kuika zake, ndipo amatero popanda phindu limene banki ikadafuna.

Chimene chinateteza ndalama za abalewo ndi m'mene banja logula linakhalira. Tsiku lomwelo logula, banja lonse linkasamukira m'zipinda za kuseri kwa ofesi yolandirira alendo, kotero kuti lendi ya nyumba inatha. Antchito olembedwa ankachepetsedwa kapena kuchotsedwa onse. Mayi ndi ana ankayala mabedi, kuchapa nsalu ndi kutsuka zimbudzi. Bambo ankakonza zoonongeka ndi kudikira alendo usiku, ndipo m'mabanja ena bambo ankapitabe ku ntchito yolembedwa usana, mayi n'kutsala akuyendetsa zonse. Ndalama zimene mwini wakale ankalipira antchito ndizo zinasanduka zobwezera ngongole.

Chachikulu koposa n'chakuti motelo inkalowetsa ndalama kuyambira usiku woyamba. Sinali malo oyembekezera kuti adzakwera mtengo m'tsogolo, kapena nyumba yoyamba kumangidwa. Inali nyumba yofoleredwa kale, ya alendo ake kale, ngakhale ochepa. Wokongola ankatha kuyamba kubweza mwezi womwewo, ndipo akatsiriza ankagula motelo yokulirapo, kapena kusunga yoyambayo ndi kuikamo mbale wofika kumene. Pamenepo nthawi yake yokongoza ena inali itakwana, ndipo sakanatha kukana. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo kwa anthu awa mwambiwu unali ngati lamulo la malonda.

CHIKOLE CHOSAONEKA NDI MASO

Kunena kuti ngongolezi zinalibe chikole n'koona pa malamulo pokha. Dzina lakuti Patel linayamba ngati udindo wa nyakwawa ya mudzi, woyang'anira minda ndi msonkho, ndipo eni dzinali ambiri ndi a mtundu wa alimi okhala ndi minda yawoyawo wotchedwa Patidar. Mwa mwambo wawo ukwati umachitika pakati pa midzi yodziwana, yosankhidwa kalekale, kotero kuti mabanja amalukanalukana ngati mphasa. Munthu wokhala ku Texas akathawa ngongole ya mlamu wake, mbiriyo inkafika ku California, ku London ndi ku mudzi kwawo ku Gujarat. Wotero sakanapezanso womkongoza, ndipo pofunira ana ake banja akanapeza makomo otseka. Chikole chake chinali dzina lake ndi tsogolo la ana ake, ndipo chikole chotere n'cholemera kuposa nyumba.

Chinanso n'chakuti wokongoza sanali mlendo pa malondawo. Kawirikawiri iyenso anali mwini motelo. Ankatha kupita kukaona nyumba yofuna kugulidwayo, kukwera pa denga, kuwerenga mabuku a wogulitsa, ndi kuima pa msewu kuwerenga magalimoto odutsa. Akaona kuti mtengo wakwera mopyola, ankanena, ndipo mawu ake ankamveka chifukwa ndalama zinali zake. Ngongole inkabwera pamodzi ndi uphungu wa munthu wodziwa. Ndiponso pokhala kuti ndalamazo zinkasonkhedwa kwa anthu angapo, aliyense pang'ono, kugwa kwa motelo imodzi sikunagwetse nyumba ya wokongoza.

Akatswiri awiri, Arturs Kalnins ndi Wilbur Chung, anafufuza za mahotela a m'chigawo cha Texas, nafalitsa zimene anapeza mu 2006. Anaona kuti motelo yaing'ono ya munthu wa ku Gujarat inkakhalitsa osagwa ngati pafupi pake panali mahotela aakulu, a maina odziwika, a anthu a mtundu wake. Koma kukhala pafupi ndi mamotelo ang'onoang'ono anzake sikunathandize chimodzimodzi. Tanthauzo lake n'lakuti thandizo linkayenda kuchokera kwa amene anakhazikika kale kupita kwa ofooka. Osauka okhaokha, ngakhale akondane chotani, sakwezana msanga.

MTENGO UMENE SUWERENGEDWA

Pawan Dhingra, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, anacheza ndi mabanja ambiri otere, nalemba buku lotchedwa Life Behind the Lobby, limene linatuluka mu 2012. Bukuli likuonetsa kuti kupambana kumene anthu amakutamanda kunali ndi mtengo wake, ndipo gawo lalikulu la mtengowo linagwera amayi. Motelo sitseka. Belu likalira pakati pa usiku wina ayenera kudzuka, ndipo wogogodayo akhoza kukhala mlendo wabwino, chidakwa kapena wachifwamba. Ana anakulira m'zipinda zopanikizana, akuchoka ku sukulu kukapinda nsalu. Ngongole ija yotchedwa yopanda chiwongola dzanja inali nacho ndithu chiwongola dzanja chake, koma chinalipidwa ndi misana ya anthu amene sanagwire nawo chanza.

Palinso mtengo wa ufulu. Wokongola ku banki akatsiriza kubweza amang'amba kalata, nkhani n'kutha. Wokongola kwa mbale amabweza ndalama, koma mangawa a kuyamika amatsala. Mbaleyo akadzapempha kuti mwana wake alembedwe ntchito, kapena kuti mlamu wake wosadalirika akongozedwe, kukana kumakhala kovuta. Ndipo chiwerengero cha mahotela 34,000 chimanena za amene anapambana okha. Amene motelo inawakanika, nataya ndalama za alongo awo, salowa m'chiwerengero chimenecho.

Ngozi ina ndi yakuti mtundu wonse ukalowa m'malonda amodzi, tsoka likadza limagwera wokongola ndi wokongoza tsiku limodzi. Ichi chinaoneka mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unaimitsa maulendo. Mu Epulo chaka chimenecho chipinda chimodzi chokha mwa zinayi zilizonse za m'mahotela a ku America ndicho chinali ndi mlendo, ndipo pa chaka chonse zipinda zogonedwa zinali 44 mwa 100 zilizonse. Pa nthawi yotere mbale amene akadathandiza anali nayenso akusowa cholipira banki.

PAMENE MALONDA ANAKULA

Kudalira abale sikunali kufuna kokha. Makomo ena anali otseka. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunafala mphekesera yakuti a Patel amatentha dala mamotelo awo kuti alandire chipukuta misozi, ndipo makampani ena a inshuwalansi anakana kuwalandira. Eni mamotelo ena achizungu anakhoma zikwangwani m'mbali mwa msewu zonena kuti motelo yawo ndi ya munthu wa ku America, kuti alendo adziwe kopewa. Poyankha zimenezi eni mamotelo achimwenye a ku Tennessee anapanga bungwe lawo mu 1985, ndipo mu 1989 ku Atlanta kunabadwa bungwe lija latchulidwa poyamba. Wapampando wake woyamba, H. P. Rama, anayamba ndi motelo imodzi ku Pomona, California, mu 1973, ndipo mu 1999 anakhala wapampando wa bungwe la mahotela onse a m'dziko la America.

Makomo atatseguka, njira yopezera ndalama inasinthanso. Hotela ya dzina ngati Holiday Inn, Hilton kapena Marriott imadya madola mamiliyoni, ndipo ndalama zotere sizisonkhedwa pa ukwati kapena pa chakudya cha madzulo. Ana a oyamba aja, ambiri ophunzira ku mayunivesite, amakongola ku mabanki, ndipo ndalama za abale zikalowamo zimalowa ngati magawo olembedwa ndi maloya, osonyeza kuti wakuti waika zakuti, adzalandira zakuti, ndipo akafuna kutuluka adzatuluka mwakuti. Ndi malamulo a msonkho omwe amakankhira komweko, pakuti ku America ngongole ya pa chibale yoposa madola 10,000 ikaperekedwa popanda chiwongola dzanja, a msonkho akhoza kumwerengera wokongozayo monga ngati walandira chiwongola dzanjacho. Chotero eni ake a ngongole yogwirana chanza anaisiya pamene ndalama zinakula kuposa zimene ubale ungathe kusenza.

KWA WOGULA PULOTI M'DZIKO LINO

Njira imeneyi si yachilendo kwenikweni kuno ku Malawi. Amwenye a masitolo a ku Limbe, Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, ambiri makolo awo anachokera ku Gujarat komweko, ndipo kale mnyamata wofika kumene ankayamba wagwira ntchito m'sitolo ya mbale wake, pambuyo pake n'kupatsidwa katundu wa pa ngongole kuti akatsegule yake. Nawonso antchito a Boma ndi aphunzitsi, poona chiwongola dzanja cha ku banki ndi poopa katapila, amatembenukira kwa mlamu wa geni, kwa mchimwene wa ku Johannesburg kapena kwa mlongo wa ku Britain, kuti agule malo ku Bangwe, ku Area 25 kapena ku Chibavi ndi kumangapo nyumba za lendi. Maganizowo ndi abwino, pakuti penshoni yokha sisunga munthu. Koma kusiyana kwake ndi nkhani ya mamotelo kuyenera kuonedwa munthu asanatambasule dzanja.

Kusiyana koyamba n'kwakuti puloti silowetsa kanthu. Maziko salipira lendi, ndipo khoma lofika pa mawindo silipiranso. Wokongola ndalama zokwana maziko ndi njerwa zokha, akuyembekeza kuti za malata zidzaoneka, amakhala akubweza ngongole kuchokera pa malipiro ake a mwezi, amene anali osakwana kale, pamene mvula ikugumula chimene wamanga. Nzeru ya eni mamotelo inali kukongola pa chinthu choyamba kubala msanga. Kwa womanga, ndiye kuti zipinda ziwiri zofoleredwa, zokhala ndi chimbudzi ndi madzi, zolowa alendi mwezi wamawa, zimaposa nyumba ya zipinda 8 yoima popanda denga.

Kusiyana kwachiwiri ndi ndalama yake. Ngongole za mamotelo zinali m'madola, zinkabwezedwanso m'madola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, pamene dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mlongo amene anatumiza madola 1,000 kutsitsako kusanachitike anapereka ndalama zokwana K1,180,000. Akabwezeredwa chiwerengero chomwecho pambuyo pake, walandira madola osakwana 700. Wokongola amati wabweza zonse, wokongoza amati wadyeredwa, ndipo onse awiri akunena zoona. Mkangano wotere umapewedwa pa tsiku lokongozana, popangana ngati chobwezedwa chidzakhale makwacha, madola, kapena mtengo wa matumba akutiakuti a simenti pa tsiku lobweza.

Kusiyana kwachitatu n'kwakuti wokongoza wa kuno kawirikawiri sadziwa za malo ndi zomanga, ndipo mwina ali kutali. Wa ku motelo ankakwera pa denga. Mchimwene wa ku Johannesburg amangoona chithunzi pa foni. N'chifukwa chake udindo wofufuza umagwera wokongola: kutsimikiza ku khonsolo, ku ofesi ya za malo kapena kwa mfumu kuti wogulitsayo ndiye mwini wake, kuti malowo sanagulitsidwenso kwa wina, ndi kuti si a m'khonde mwa mtsinje kapena a msewu. Ndalama za mbale zikamira pa malo a mkangano, palibe cholanda ndipo palibe chogulitsa.

Kusiyana kwachinayi ndi chikole chosaoneka chija. Kumene wothawa ngongole amangosamukira ku boma lina, napitiriza moyo wake osatsekeredwa khomo lililonse, kugwirana chanza kokha sikukwanira, ndipo kalata iyenera kulowa m'malo mwake. Kalatayo inene ndalama zake, tsiku loyamba ndi lotsiriza kubweza, chochitika ngati alendi asowa, ndi chochitika ngati mmodzi wa awiriwo amwalira. Mkazi kapena mwamuna wa aliyense adziwe, ndipo pakhale mboni zosachokera m'banjamo. Ambiri amaopa kuti kutulutsa pepala pamaso pa mlamu n'kumnyoza. Koma milandu yambiri yotere sibuka pakati pa awiri amene anapangana. Imabuka pa maliro, pakati pa mkazi wamasiye amene sanauzidwe ndi abale amene akumbukira chiwerengero china.

Ndipo wokongoza naye adziyese. Ndalama za fizi ya ana kapena za penshoni yonse si zokongoza mbale, ngakhale apemphe ndi misozi, pakuti, monga taonera m'fanizo lija, ndalama za mbale ndizo zoyamba kumira. Eni mamotelo ankagawa katunduyo pa mitu 6 kuti pasapezeke wothyoka khosi.

Chibale ndi fupa, sichiola. Koma abale awiri okhala mudzi umodzi osalonjerana chifukwa cha nyumba yosatha ku tauni alipo, ndipo aliyense akudziwako ena. Desai wa pa Goldfield anakongoza anthu popanda kalata, koma anali atayamba wawaona akukolopa, anadziwa hotela imene ankapita kukatenga, ndipo anadziwa kuti lendi yoyamba idzalowa mlungu womwewo. Amene alibe zitatu zimenezi ndipo akufuna kutsanzira kugwirana chanza kokha, ayambe wagula pepala ndi cholembera.